Mapatani a amalume

Munthu akaima pakhonde la telala amaona makina, ulusi, sizasi ndi zitenje zopachikidwa pachingwe. Chimene saona ndi katoni ya kunsi kwa tebulo, yodzaza mapepala odulidwadulidwa, oti mlendo angayatsire mbaula osadziwa kuti wapalamula. M'menemo muli mkono wa malaya, kolala, thumba la thalauza, kutsogolo ndi kumbuyo kwa diresi, chilichonse pepala lake. Mapatani amenewa ine ndawadziwa chaka chino, nditayamba kuphunzira kusoka kwa amalume anga kwa Ngokwe, ndipo kunena zoona andigwira mtima kuposa makina enieniwo.

Amalume ndi telala wamkhalakale. Zovala zambiri amadula osayang'ana pepala. Tepi pakhosi, choko m'manja, amayeza chifuwa, chiuno, mapewa ndi kutalika, n'kujambula mizere pansalu pomwepo, sizasi n'kuyamba kulira. Matelala ambiri kwathu kuno amadula chomwechi, ndipo siketi wamba kapena mkanjo safuna zambiri. Pepala limafunika pamene mzere wakhota, monga pakolala, pamene mkono ukumana ndi phewa, ndi pakati pa thalauza. Limafunikanso pamene chovala chimodzi chisokedwe kambirimbiri, ngati yunifolomu ya sukulu. Kolala ikaphonya ndi theka la inchi, malaya onse amaoneka obwereka.

Tsiku lina ali mkati mosoka anandituma osadzutsa mutu.

"Iwe mphwanga, tandipatsa mkono wa bulauzi uja wotukuka."

"Uti, amalume?"

"Uja wa pepala la simenti."

Theka la katoniyo linali mapepala a simenti. Iwo anangopisa dzanja n'kuutulutsa, ine kukamwa yasa. Madzulo ake ndinawapempha kuti andilole ndikonze katoni yonse. Anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Konza, bola usataye kanthu."

Ndinayala mkeka kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kusita pepala lililonse ndi simbi yongofunda pang'ono, chifukwa makala akachuluka nyuzipepala yakale imapsa nthawi yomweyo. Mapepalawo anadzaza mkeka wonse ngati matemba pathandala. Apa ndi pamene ndinaona kuti amalume sankangotola pepala lililonse. Zigawo zikuluzikulu za diresi ndi thalauza ankadula pa pepala la mkati mwa thumba la simenti, lomwe limapirira kupindidwa. Zoyesera sitayelo yatsopano ankadula panyuzipepala kapena kuseri kwa kalendala. Makolala ndi matumba, zomwe choko chimazungulira tsiku ndi tsiku, ankadula pa katoni yolimba ya sopo.

Kolala imodzi ndinakhala nayo m'manja nthawi yaitali. M'mbali mwake mwada ndi thukuta la zala, ngodya zake zafewa, pakati pali kakudula kakang'ono kosonyeza pamene ikumanire ndi msoko wakumbuyo, ndipo pakona pali bowo la msomali ndi nambala 15½ ya pensulo yomwe yatsala pang'ono kufufutika. Ndi makosi angati a azibambo a kwa Ngokwe amene apita ku Jumu'a, ku ukwati ndi ku maliro atavala kolala yochokera pa kakatoni kameneka?

Nyuzipepala nazo zinayamba kulankhula. Patani sungakhale wakale kuposa pepala lomwe unadulidwapo, choncho deti la nyuzipepala limakuuza kuti pataniwo sunadulidwe tsikulo lisanafike. Mkono wina unadulidwa pa Boma Lathu, mitengo ya katundu ikadali m'matambala. Wina pa The Nation, ndiye kuti si wa chaka cha 1993 chisanafike, poti nyuzipepalayo inayamba chaka chimenecho. Nditasanja akale okhaokha mbali imodzi, ndinadabwa kuti panalibe thalauza la amayi ngakhale limodzi, ndipo masiketi onse anali otsika. Amalume anaseka. Anandikumbutsa za lamulo la kavalidwe la mu 1973, lomwe linkaletsa amayi kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo, mpaka linachotsedwa mu 1993. Telala uti akanataya pepala podula chovala chomangitsa kasitomala? Zimene ndinkangozimva m'kalasi ndinazigwira ndi manja pamkeka.

Ambiri mwa mapatani apambuyo pake anachokera pa kaunjika. Amalume akaona jekete kapena diresi lodulidwa bwino pamsika, ankaligula, n'kumasula misoko yonse ndi lezala, kusita zigawozo, kuzigoneka papepala n'kujambula. Anthu amati kaunjika anapha ntchito ya matelala, ndipo sakunama kwenikweni, koma katoni iyi ikuonetsa kuti anawaphunzitsanso.

Pa kasanjidwe tinatsutsana. Amalume ankafuna kuti tisanje potsata anthu, chifukwa iwo pepala lililonse amalikumbukira ndi mwini chovala: ili la mayi wa kumsika uja, ili la aphunzitsi aja anasamukira ku Ntaja. Ine ndinati njira imeneyo imagwira ntchito m'mutu mwawo mokha. Tinagwirizana zoyamba ndi mtundu wa chovala, kenako kukula kwake. Malaya ndi M, diresi D, bulauzi B, thalauza T, mkanjo K, yunifolomu Y, ndipo patani aliyense amalandira nambala kutsogolo kwa chilembo chake. Nambalayo imalembedwa pa chigawo chilichonse, pamodzi ndi kuchuluka kwa zigawo zonse: B7, chachiwiri mwa zisanu. Kamphepo kakaulutsa mkono umodzi, umadziwa kwawo.

Patani aliyense ali ndi envulopu yake yaikulu ya khaki. Pamwamba ndimajambula kachithunzi ka chovalacho, ngakhale kujambula kwanga n'kwa Sitandade 3, ndimalemba muyeso wa chifuwa kapena chiuno, ndipo ndimasokererapo kansanza ka nsalu yomwe inasokedwa komaliza. Kansanzako amalume amakakonda kuposa nambala zanga, ndipo ndi kamene amayang'ana poyamba. Pa chigawo chilichonse ndajambulanso muvi wosonyeza kumene ulusi wa nsalu uyenera kuloza. Pachitenje muviwu ndi wofunika kawiri, chifukwa maluwa ake ali ndi kumutu ndi kumiyendo. Tonse tinaonapo mayi atatchena bwino, mbalame za pachifuwa zikuuluka chadodolido.

Chimene ndimanyadira kwambiri ndi kope. Tsamba lililonse lili ndi nambala ya patani, dzina lomwe amalume amautchula, ndi nsalu yomwe umadya. Chitenje chimodzi ndi mamita 2, ndipo makasitomala ambiri amabwera ndi chimodzi chokha koma akuloza sitayelo ya pachithunzi yofuna ziwiri. Kale zimenezi zinkadziwika sizasi atalowa kale. Tsopano ndimatsegula kope n'kunena mwaulemu, "Amayi, iyi ikufuna mamita 4. Koma onani iyi, ikwana pachitenje chanuchi ndipo patsala ka duku." Mayi amachoka osakhumudwa, nsalu yake ili yamphumphu.

Kopelo landionetsanso kuti chaka cha telala chili ndi nyengo zake. Kuno kwa Ngokwe anthu ambiri ndi Ayao ndiponso Asilamu, choncho mwezi wa Ramadan ukafika pakati, maenvulopu a mikanjo ndi madiresi aatali ndi amene amakhala pamwamba, aliyense akufuna chatsopano cha pa Eid. Tchuthi chachikulu chikamatha, anamwali otuluka ku jando ndi nsondo amafuna zovala zatsopano, ndipo nthawi yomweyo makolo akuthamangira yunifolomu poti sukulu zimatsegulira mu Seputembala. Mayunifolomu ndinawamanga paokha, kuyambira wa mwana woyamba kumene mpaka wa Sitandade 8.

Nditauza mnzanga wina amene anaphunzira zosokasoka kusukulu ya ntchito zamanja, anandionetsa patani wa m'sitolo, wa pepala lopyapyala, nambala yake yosindikizidwa pa envulopu. Mapatani otere anayamba kufala mu 1863, pamene telala wina wa ku Massachusetts ku America, Ebenezer Butterick, anayamba kugulitsa patani mmodzi m'masaizi osiyanasiyana. Ku Germany, magazini ya Burda inayamba kuika mapatani mkati mwake mu 1952. Lero ku University of Rhode Island kuli malo osungirako mapatani akale masauzande ambiri, aliyense ndi nambala yake ndi chaka chake, ndipo ofufuza za mbiri ya zovala amapita kukawaona. Ndinachita nawo kaso, sindikana. Koma patani wa m'sitolo anadulidwira thupi la m'buku. Wa amalume anawonjezeredwa kachidutswa m'chiuno, anachepetsedwa paphewa, mpaka anakwana matupi a anthu amene amalima mpunga ndi kupalasa bwato panyanja ya Chiuta. Chomwe ankasowa ndi nambala ndi envulopu basi.

Adani a ntchitoyi ndi atatu: chiswe, makoswe ndi chinyezi cha m'dzinja. Katoni yakale ija inali itadyedwa kale pansi, ndipo kumbuyo kwa diresi lina kunatsala theka. Maenvulopu tsopano amakhala choimirira m'ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro, pamwamba pa njerwa. Makolala ndi matumba, poti amafunika pafupipafupi, ali pachingwe chopachikidwa pamsomali. Ndayambanso kujambula chigawo chilichonse pafoni, tepi itagonekedwa pambali pake, chifukwa chithunzi chopanda muyeso sichidulitsa nsalu. Msuweni wanga amene amasoka ku Balaka ndinamutumizira mkono wotukuka uja pa WhatsApp, iye anaujambulanso papepala potsata tepiyo, ndipo unakwana.

Yatsala envulopu imodzi yonenepa yomwe ndinalembapo kuti "Amasiye". Muli zigawo zopanda anzake, zoti ine sindingadziwe ngati ndi lamba, mpendero kapena kolala ya mwana. Ntchito ikachepa masana ndimatulutsa chimodzi n'kuwaonetsa amalume. Amachitembenuza kawiri, n'kunena chovala chake, chaka chake, nthawi zina ndi ukwati womwe chinavalidwa. Ine ndimalemba msangamsanga, chifukwa palibenso wina padziko amene angachizindikire.

Inu amene kwanu kuli telala wachikulire, kaya ndi agogo, azakhali kapena bambo a pakhonde la golosale, apempheni akutsegulireni katoni yawo iwo akadali ndi maso owerengera tepi. Mutenge kope, pensulo ndi maenvulopu, ndipo muyambe ndi makolala.