Kolokolo, Kansomba Kolira

Inu alimi a kumtunda, mukamva za nsomba za ku Likoma mumaganiza za usipa, utaka ndi kampango. Lero ndikuuzeni za kolokolo, kansomba kamene ife asodzi timakanyoza m'mawa poonjola macera.

Kolokolo ndi mbale wa kampango, koma sapitirira masentimita 20. Alibe mamba, ali ndi ndebvu ndi mawanga akuda, mimba yace ndi yoyera. Mtundu wace umapezeka m'nyanja yathu yino yokha, ndipo Mjeremani wina, Keilhack, anaulemba m'mabuku mu 1908 ndi dzina lakuti Synodontis njassae. Usana amabisala m'miyala, ndipo miyala kuno njosasowa. Usiku amaturuka kukadya nkhono zazing'ono ndi timphutsi ta nkhungu, tizirombo tija timauluka pa nyanja ngati utsi.

Ali ndi mbale wina mu mtsinje wa Congo, wocepa koposa, amene amasambira cagada. Ameneyo mimba yace ndi yakuda kuposa msana, kuti mbalame zisamuone msanga pamene alikudya pamwamba pa madzi. Azungu amamuweta m'mabokosi a galasi kuti azingomuyang'ana. Zandalama izi!

Koma nkhani yeniyeni ndi minga. Kolokolo ali ndi minga itatu, umodzi pa msana, iwiri m'mbali. Akaopsedwa amaiimika nji! ndipo simungaipinde ndi cala. Kulira kumene mumamva pomuvuula si kwa pakamwa ai, ndi munga wa m'mbali umene ulikukhuzana ndi pfupa. Minga yomweyi imakola ukonde, kotero munthu wopupuluma amang'amba maso a ukonde wace, kapena amalasidwa, cala nkutupa. Ndaona anthu alikumutaya pa mcenga ndi ukali. Pamenepo ndipo pamene ana athu amasewera opanda nsapato.

Ine ndimati kutaya kolokolo nkupusa. Mnofu wace ndi wonona, ndipo ndi nsima ya kondowole simungafune ndiwo zina. Mgwireni kumbuyo kwa minga ndi zala ziwiri, thyolani minga yonse itatu, ndipo muitaye pa moto, osati pa bwalo. Inu amai ogula woumika pa msika, yambani mwaona ngati msodzi anaithyola musanapatse mwana. Wolasidwa atsuke bala ndi madzi ofunda ndi sopo. Likatupa kapena kuyamba mafinya, apite ku cipatala tsiku lomwelo.