Za Kuloza Cala Mlandu Usanadziwike

Pali katundu mmodzi amene mtima wa munthu ulephera kumsenza, ndiye kukhala osadziwa. Munthu apirira njala, apiriranso umphawi. Koma mwana akafa ndi dzanja la munthu, ndipo wakuphayo osaoneka, mudzi wonse usowa tulo kufikira utapeza wina womloza cala. Mwezi uno tifuna kulingalira nanu za mkhalidwe umenewu, ndipo tidzatero pofotokoza mlandu wa ku dziko lakutali, kuti tiupenye ndi mtima wofatsa, popeza mulibe mbale wathu kapena mdani wathu m'katimo.

Dziko la Finland liri kumpoto kwa Ulaya, ndipo ndi dziko la nkhalango ndi nyanja zambirimbiri. Kumeneko nyengo yozizira ndi yaitali ndi yamdima. Koma pofika mwezi wa June usiku ufupika kwambiri, ndipo anthu akonda kuturuka m'nyumba kukagona m'mahema m'mbali mwa madzi. Ku Espoo, kumadzulo kwa Helsinki, mzinda waukuru wa dzikolo, kuli nyanja yaing'ono yochedwa Bodom. Loweruka pa 4 June 1960 anafikako anyamata awiri a zaka 18 ndi atsikana awiri a zaka 15, atakwera njinga zamoto, namanga hema wao pagombe. Kuca kwace linali tsiku la Pentekoste. M'banda kuca, pakati pa 4 koloko ndi 6 koloko, wina anawagwera ali m'tulo, nawabaya ndi mpeni, nawakantha ndi cinthu colemera, iye ali kunja kwa nsaru ya hemayo. Atsikana onse awiri anafa, ndi mnyamata mmodzi yemwe. Mnyamata winayo anampeza ali gone pamwamba pa hema wakugwayo, ali moyo, koma atatyoka nsagwada ndi kubvulala kwambiri m'mutu.

Mitembo inapezeka dzuwa litakwera, ngati 11 koloko, ndi mmisiri wina wa matabwa. Apolisi anafika, koma sanachinge malowo. Mbiri sigonera, anthu anasonkhana napondaponda ponsepo, ndipo pambuyo pace anaitanidwa asilikari kudzathandiza kufuna zinthu zotayika, naonjeza mapazi pa mapazi. Mpeni sunapezeke, ngakhale cokanthira cija. Mafungulo a njinga anatengedwa, koma njinga zinasiyidwa. Nsapato za mnyamata wopulumukayo zinapezeka zitabisidwa pa mtunda wa mamita ngati 500. Anyamata ena amene analawira kukapenya mbalame anati anaona mwamuna wa tsitsi loyererako alikucoka pamalopo ngati 6 koloko. Koma m'dziko limene ambiri ali ndi tsitsi lotero, mau amenewa sanafikitse apolisi pa khomo la munthu ali yense. Taonani tsono cinthu coyamba: iwo amene anathamanga kukaona ndi maso ao anathandiza kufafaniza mapazi a wakuphayo. Cidwi ca khamu cinayamba kuononga mlandu tsiku lomwelo.

Apolisi atasowa yankho, anthu anayamba kudzipangira lao. Cala coyamba cinagwa pa mwamuna wina wa komweko, mwini kasitolo ka pafupi ndi nyanja. Munthuyo anali wokalipa, wodana ndi anthu ogona m'mahema, ndipo anansi ace anati amagenda alendo ndi miyala ndi kuwagwetsera mahema. Panamvekanso kuti iye mwini anabvomera mlanduwo kwa ena. Koma apolisi atamfufuza sanapeze umboni womgwira nao. Mkazi wace anati anagona m'nyumba usiku umenewo. Ndipo kubvomera kwaceko sanakukhulupirire, pomuona ngati munthu wosakhazikika maganizo. Mu 1969 anamira m'nyanja yomweyo, ndipo ambiri ayesa kuti anadzipha. Kwa iwo amene anamtsutsa kale, imfa yace inakhala ngati cidindo pa mau ao. Koma tifunse: kodi munthu amira cifukwa anapha, kapena cifukwa wakhala zaka 9 anthu alikumcha wakupha, kapena pa cifukwa cina cosadziwika kwa anansi? Madziwo sananene kanthu.

Cala caciwiri cinagwa pa mlendo, munthu wobadwira ku Germany, amene anakhala makilomita angapo kucokera ku nyanjayo. Pa 6 June, tsiku lotsatana ndi imfa zija, anafika ku cipatala cina ca mu Helsinki ndi zobvala zokhala ndi madontho ofiira. Patapita zaka zoposa 40, dotolo wina amene anamuona tsiku lija analemba mabuku kunena kuti wakupha ndi ameneyo. Panafalanso mbiri yakuti anali kazitape wa Soviet Union, ndi kuti akuru a boma anamchinjiriza. Koma apolisi anati panali umboni wakuti usiku umenewo munthuyo anali kwina. Mabukuwo anaturuka iye atafa kale, ndipo wakufa sayankha mlandu. Penyaninso umo mphekesera idzichinjirizira yokha: umboni ukasowa, anthu anena kuti akuru anaubisa, ndipo cotero kusowa kwa umboni kusanduka umboni. Nkhani yotere palibe angaitsutse, pakuti ciri conse munena ciionjezera mphamvu.

Cala cacitatu cinagwa pa iye amene tikadayesa kuti anthu adzamcitira cifundo, ndiye mnyamata wopulumuka uja. Anacira mabala ace, nakhala zaka zambiri monga munthu wamba. Koma m'malamulo a Finland mlandu wa kupha munthu mwadala sutha ndi zaka. Monga ati akuru athu, mlandu suola. Mu March 2004, patapita zaka pafupifupi 44, apolisi anamgwira ali munthu wa imvi, wa zaka zoposa 60. Tsopano panali njira zatsopano zoyesera mwazi, monga ija yochedwa DNA, imene isonyeza mwini wa dontho la mwazi ngakhale lakale. Oneneza a boma anati pa nsapato zace panali mwazi wa anzace akufawo, koma wace panalibe. Nanena kuti anyamatawo anakangana ataledzera, ndi kuti iye anapha atatu onse ndi ukali. Omnenera anayankha kuti munthu wobvulala cotero sakadakhoza kucita zonsezo. Mlandu unayamba pa 4 August 2005, ndipo pa 7 October 2005 bwalo linammasula, popeza umboni sunakwanire kumtsutsa. Boma linamlipa ma euro 44,900 cifukwa ca kusauka kwace m'ndende. Koma dzina lace ndi nkhope yace zinali zitafika kale m'nyuzipepa za dziko lonse ndi za maiko ena. Ndipo madzi akatayika saoleka. Ndico cifukwa cace sitinalembe maina a anthu atatuwa pano, achulidwa kokwanira.

Wina adzati, Koma wacitatuyu sanamnenere anthu amisece, anamgwira apolisi. Nzoona, ndipo m'menemo muli phunziro lalikuru. Apolisi anali nao hema yemweyo, nsapato zomwezo, ndi akatswiri oyesa mwazi. Anasenza zonsezo kumka nazo pabwalo, ndipo oweruza ataziyesa anati sizikwanira. Ngati iwo okhala ndi zonsezi sanakhoze kutsimikiza, nanga munthu amene angomva nkhani pa moto wa madzulo atsimikiza ndi ciani? Ndiponso bwalo lipambana misece m'zinthu ziwiri. Pabwalo woneneredwa aima nayankha, koma m'misece amweruza iye kulibe. Bwalo liri ndi tsiku lotsekera mlandu, koma misece iribe tsiku lotero. Munthu akhoza kumasulidwa ndi oweruza, nakhalabe womangidwa m'kamwa mwa anthu kufikira kumanda.

Tsono tiyang'ane bwino anthu atatu amene analozedwa. Woyamba anali mnansi wosakondedwa. Waciwiri anali mlendo. Wacitatu anali wotsala, amene imfa inamlambalala. Kodi ndandanda imeneyi ndi yacilendo kwa ife? Iai, tiidziwa bwino. Pa maliro a mwana wofa mwadzidzidzi, asanatsirize kukumba manda, manong'onong'o ayamba kufunsa kuti wamdya ndani. Ndipo cala cimka kwa nkhalamba yokalipa ya kumapeto kwa mudzi, kapena kwa mkamwini wocokera ku dera lina, kapena kwa mkazi amene anadya mbale imodzi ndi malemuyo koma iye osafa. Makolo athu anafuna yankho mwa ula ndi mwabvi, ndipo ambiri osacimwa anafa ndi cikho cimeneco. Lamulo la mu 1911 linaletsa mwabvi m'Nyasaland, linaletsanso kuchula munthu mfiti. Koma lamulo likhoza kulanda cikho m'dzanja, silikhoza kumanga lilime. Anthu a ku Finland ndi ophunzira, a sukulu ndi mabuku ambiri, koma zala zao zinatsata njira yomweyo. Cotero nthendayi siiri ya umbuli wokha. Iri mumtima mwa munthu ali yense amene cisoni ndi mantha zamgwira. Mtima wotero sufuna coonadi kwenikweni, ufuna mpumulo. Ndipo dzina liri lonse limene tingalichule popanda kudzipweteka litipatsa mpumulo umenewo. Cala siciloza mwini.

Kodi tinena kuti anthu akhale cete pamene ana aphedwa? Sititero ai. Kukhala cete nako kupha mlandu. Pa nkhani yomweyi ya Bodom, panali anthu amene ananena pambuyo pace kuti anaona mwini kasitolo uja m'mawa umenewo, koma anaopa kukauza apolisi. Ngati anaonadi, nthawi yonenera inali pomwepo, mau akadali a nchito, ndipo malo onenera anali pamaso pa ofufuza, amene akadakhoza kuwayesa. Ngati sanaone bwino, anasenzetsa munthu mlandu wa mwazi pa cinthu cosatsimikizika. Pali kusiyana kwakukuru pakati pa mboni ndi woganizira. Mboni inena cimene inaona, iciperekanso kumene cingayesedwe, ndipo ilola kufunsidwa. Woganizira anena cimene ayesa, acipereka kwa ali yense wofuna kumva, ndipo mukamfunsa kumene anacitenga ati, Anthu alikutero. Coipa cace ncakuti kawiri kawiri mboni icita mantha nikhala cete, pamene woganizira alankhula kopanda mantha, popeza adziwa kuti palibe adzamlipitsa.

Tikumbukenso akufa aja ndi akwao. Anali ana a anthu; amai ao anawaona alikuturuka m'nyumba Loweruka, ndipo sanawaonenso amoyo. Koma nkhani ikakambidwa zaka ndi zaka, mwazi uiwalika, nitsala nthano yokoma kumva. Mu 1997 gulu lina la oimba la ku Espoo linadzicha Children of Bodom, ndiko kunena ana a Bodom, nilichuka m'maiko ambiri. Ndipo mu 2016 anapanga kanema woopseza anthu, wotenga dzina la nyanjayo. Cimene cinali maliro m'nyumba zitatu cinasanduka cosangalatsa ca alendo. Ndipo nthawi iri yonse buku latsopano kapena dzina latsopano lituruka, abale a ana aja atukulidwa cironda cimene cinayamba kupola. Iye amene akamba mlandu wotere kuti acezere anzace ayesa kuti sapweteka munthu. Koma alipo amene alipira macezawo ndi misozi.

Nanga ticite ciani tsoka lotere likagwa pakati pathu? Poyamba, tisathamangire kukazinga malo a imfa, koma tiwachinge kufikira afike oyenera kuwapenya. Kaciwiri, amene waona kanthu ndi maso ace, kapena wamva ndi makutu ace, apite msanga kwa mfumu ndi kwa apolisi, anene cimene anaona, osaonjezapo, osacotsapo. Ndipo ife anansi timlimbitse mtima ndi kumperekeza, kuti mantha asamtseke pakamwa. Kacitatu, wina akadza kwa ife ndi dzina, timfunse mofatsa kuti, Kodi munaona inu nokha? Akati iai, mauwo athere m'khutu mwathu, asapitirire. Kacinai, tipenyerere makamaka anthu atatu aja, wosakondedwa, mlendo, ndi wotsala, pakuti ndiwo asowa wowanenera. Tisaleke kuwalonjera m'njira, kapena kutunga nao madzi pa citsime cimodzi, mlandu usanawatsutse.

Cotsala ndico cobvuta koposa, ndiko kuphunzira kunena kuti, Sitidziwa. Mau awa sakoma m'kamwa, ndipo munthu wowanena aoneka ngati wopusa pakati pa anzace odziwa zonse. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Mirandu yina imasuka patapita zaka. Yina siimasuka konse, monga uwu wa Bodom, umene wapitirira zaka 60 wopanda mwini. Kumeneko anafa ana atatu ndi mpeni wa munthu mmodzi wosadziwika, ndipo imeneyo sinali nchito ya khamu. Koma amuna atatu ena anasenza dzina la wakupha, mmodzi kufikira imfa yace, wina ali kumanda, wina mu ukalamba wace, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene bwalo linamtsutsa. Dzanja la wakupha sitikhoza kuliletsa masiku onse. Koma lilime ndi cala nzathu, ndipo tikhoza kuzisunga.