Anyanja Opanda Nyanja

Chilankhulo chathu chinatenga dzina lake ku madzi. Chisanatchedwe Chichewa m'chaka cha 1968 chinkadziwika kuti Chinyanja, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique dzinali lidakalipo. Komatu ife obadwira ku Lochinvar, mumzinda wa Harare, tinakula tikulankhula chinenero cha nyanja chikhalirecho mafunde sitinawaonepo. Atate athu, ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ankalumikiza mabogi a Rhodesia Railways opita kudoko la Beira. Samora Machel atatseka malire mu Malichi 1976, dzina la Beira linangotsala m'nkhani za akuluakulu.

Mu Julayi 2018, chisanu chikuluma m'Harare, anthu anayi amene tinakulira m'nyumba za anthu a njanji tinagwirizana zolondola njanjiyo mpaka pamene yathera. Tinapakira m'galimoto matenti awiri, mbaula, mphika ndi thumba la ufa. Tinadzera ku Mutare, kudutsa chipata cha Forbes ndi Machipanda, kenaka Chimoio, Inchope ndi Dondo, mtunda woposa makilomita 550. Tikutsika mapiri tinayamba kuvula majuzi mmodzimmodzi, ndipo pofika ku Beira thukuta linali kamukamu.

Kwa mmodzi wa ife ulendowu unali wolemera. Lamulo la unzika la 1984 litakhwimitsidwa mu 2001, ana ambiri a anthu obwera anapezeka kuti si nzika za dziko limene anabadwiramo. Mnzathuyu anakhala zaka zambiri wopanda pasipoti, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anamubwezera unzika. Kuyambira kusukulu, kumene ankatinena kuti mabhurandaya, ndiye kuti anthu a ku Blantyre, iye ankalankhula Chishona chokhachokha pagulu. Chichewa chake chinali cha m'nyumba, chitseko chili chotseka.

Usiku woyamba tinagona pafupi ndi nsanja ya nyali younikira zombo ku Macuti. Kutacha tinalowera kumpoto, n'kuwoloka mtsinje wa Savane pa bwato, ndipo tinakhoma matenti pamchenga. Madzulo anafika mayi wina wogulitsa nsomba. Chipwitikizi sitinkachidziwa, naye Chingerezi ayi. Apo mnzathu uja anangoti, "Amayi, nsombazi mukuchita bwanji?" Mayiyo anayankha m'Chisena, ndipo malonda anatheka. Atalandira ndalama anawomba m'manja nati, "Takhuta."

"Achimwene, akhuta chiyani poti sanadye?" anandifunsa mnzathuyo.

Ndinamufotokozera kuti m'Chisena mawuwa ndiwo zikomo. Muzu wake ndi umodzi ndi kukhuta kwathu: wothokoza amanena kuti walandira zokwanira. M'kalasi ndimaphunzitsa kuti zinenero za m'chigwa cha Zambezi, monga Chisena, Chinyungwe ndi Chinyanja, n'zapachibale, ndipo malire a maiko anazipeza zili kale pamenepo. Koma tsikulo ndinaona chimene mfundoyi ingachite mwa munthu. Bambo waimvi, amene anabisa lilime la amake kwa zaka makumi anayi, anacheza ndi asodzi pamoto mpaka pakati pa usiku, akuseka mokweza, osayang'ana kumbuyo kuti akumumva ndani.

Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anasakaza Beira ndi midzi ya m'gombe lonselo. Titamva, tinasonkha zovala ndi ufa, ndipo amene anayenda khomo ndi khomo anali mnzathu yemwe uja, akupempha m'Chichewa.

Lero Chichewa chili m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka m'Zimbabwe, koma adzukulu athu ambiri amangochimva osachilankhula. Lamulo lingathe kulemba dzina la chinenero, koma kuchichotsera manyazi ndi ntchito ya eni ake. N'chifukwa chake tapangana kuti ulendo wotsatira matenti akhale anayi, ndipo amene adzatsatse nsomba adzakhale anawo.