Foni yopinda ndi fumbi la m'chigafa

Uthenga unandipeza ndili m'chigafa kwathu ku Chisemphere, manja ali mbuu ndi fumbi la fodya. Inali nthawi ya holide, ndipo aliyense wokulira kumpoto kwa Kasungu akudziwa kuti holide ya miyezi yosankha fodya si holide konse. Umakhala pansi kuyambira m'mawa, tsamba ili uku, ili uko, lofiira palokha, lothothoka palokha, mpaka msana kuchita kuuma.

Anali achimwene anga a ku Joni. Anatumiza zithunzi ziwiri pa WhatsApp ndi mawu ochepa: "Mphwanga, sankhapo imodzi. Undiyankhe lisanafike Lachisanu."

Pachithunzi choyamba panali Samsung Galaxy Z Fold4, ija imatseguka cham'mbali ngati buku. Pachiwiri panali Galaxy Z Flip4, yomwe imapindika pakati, mutu kukumana ndi miyendo, n'kusanduka kabokosi ngati ka paudala ka m'chikwama cha amayi. Zonse ziwiri zinatuluka mu Ogasiti 2022. Abwana awo ndi akazi awo anali atagula zatsopano, ndiye anauza achimwene kuti atha kutengapo imodzi mwa zakalezo, ndalama azidula pang'onopang'ono kumalipiro.

Ndikudziwa zomwe ena mwayamba kale kuganiza: mwana wa mlimi, wodalira ngongole ya boma, akuvutika mutu ndi mafoni a mabwana. Nanenso ndinadziseka. Koma funso linali litafika, tsiku loyankha analitchula, ndipo yemwe akalipire ndi munthu amene anasiyira sukulu panjira kuti ine ndipitirize. Choncho ndinaliganizira mofatsa kuposa momwe ndimaganizira mafunso ena a mayeso.

Abambo nditawaonetsa zithunzizo sanafunse za kamera kapena memore. Anafunsa funso limodzi lomwe amafunsa pa chilichonse, kaya ndi njinga, malata kapena fizi: "Ndi mabelo angati?"

Tinawerengera limodzi pogwiritsa ntchito mitengo ya zatsopano, poti ndi yomwe imalengezedwa poyera. Fold7 itatuluka mu Julayi 2025 inkagulitsidwa madola 1,999 ku America, Flip7 madola 1,099. Mu 2024, chaka chomwe alimi ambiri anamwetulirako, fodya ankagulidwa pafupifupi madola 3 pa kilogalamu mukaphatikiza misika yonse. Belo limodzi tingoti makilogalamu 100. Ndiye kuti yabuku ija ndi mabelo pafupifupi 7, yakabokosi mabelo pafupifupi 4, ndipo apa sitinachotsepo thiransipoti yopita ku Chinkhoma, ngongole ya feteleza ndi zodula zina za ku okushoni. Abambo anangopukusa mutu n'kubwerera ku tsamba lawo. Ine ndinawonjezera masamu anga mumtima: ndalama ya upkeep ya ngongole ya ophunzira, yomwe mu 2024 inakwezedwa kufika K560,000 pachaka, ukaisintha pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho wa K1,751 pa dola inkangokwana madola 320. Zaka zonse zinayi za digiri yanga sizingagule Fold7 imodzi.

Koma zathuzi zinali zakale, ndipo funso silinali loti tigule kapena ayi. Linali loti iti.

Usiku umenewo ndinathera bandulo yanga kuonera mavidiyo a anthu oyerekeza mafoni awiriwa. Onse amanena zofanana. Yabuku ndi ya munthu wofuna sikirini yaikulu, yakabokosi ndi ya munthu wofuna foni yaing'ono m'thumba. Ndi zoona, koma onsewo amalankhula atakhala m'zipinda zoyera, tebulo lili psii, popanda ngakhale kachitsotso. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti foniyo ikakhala kuti.

Kwa ife funso lenileni lili pa hinji, pomwe foni imapindikira. Foni wamba ndi chinthu chimodzi chomatidwa mbali zonse. Foni yopinda ili ndi tizitsulo toyenda, ndipo pomwe pali choyenda pamakhala mpata. Samsung yomwe inaphunzira izi movutikira. Mu Epulo 2019, Galaxy Fold yoyamba isanayambe kugulitsidwa, mafoni omwe anapatsa atolankhani kuti ayese anayamba kufa m'masiku ochepa. Ena anamatula kapepala ka pamwamba pa sikirini poganiza kuti ndi kotayidwa, koma pa ina tizinthu tinalowera ku hinji n'kukatukumula sikirini kuchokera mkati. Kampaniyo inaimitsa kaye malonda mpaka Seputembala.

Zinthu zasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma onani zilembo zomwe amalemba pa bokosi. Fold4 ndi Flip4 zonse ndi IPX8. Nambala yoyamba pambuyo pa IP imanena za fumbi, yachiwiri za madzi. 8 akutanthauza kuti ikagwera m'ndowa ipulumuka. X akutanthauza kuti za fumbi sakulonjeza kanthu. Fold6 ndi Flip6 za mu 2024 zinafika pa IP48, ndipo 4 ameneyo akungotchinga zinthu zokula kuposa milimita imodzi, monga timiyala. Fumbi la fodya wouma, lija limakulowa mpaka m'makutu, silidziwa za milimita. Dothi la mumsewu galimoto ikadutsa mu Okutobala chimodzimodzi. Ndi mu 2025 pomwe Google inatulutsa Pixel 10 Pro Fold ya IP68, yomwe 6 wake akutanthauza kuti fumbi sililowa, koma imeneyo sinali pa zithunzi za achimwene.

Ndiye ngati zonse ziwiri zimaopa fumbi mofanana, kusiyana kuli pati? Ndinakuona m'mawa mwake, osati pa intaneti, koma powerenga kuti kafoni kanga ka itel ndakatulutsa kangati m'thumba. Amayi akufuna nditumize ndalama kwa azakhali pa Airtel Money, *211#. Wa ngolo akuimba kufunsa ngati mabelo tadinda. Gulu la kalasi pa WhatsApp likukangana za tsiku lotsegulira. Kuona nthawi. Kuyatsa tochi kufunafuna singano yosokera chiguduli. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditadutsa 30, ndipo nthawi zonsezo manja anali akuda.

Flip4 ikakhala yotseka, kunja kwake kuli kasikirini ka mainchesi 1.9, kongoonerapo nthawi ndi mauthenga obwera. Chilichonse chenicheni, kutumiza ndalama, kulemba yankho lalitali, uyenera kuitsegula. Ndiye kuti maulendo 30 aja akanakhala maulendo 30 otsegula hinji ndi kupaka zala zafumbi pa sikirini yofewa yamkati. Fold4 ikakhala yotseka, kunja kwake kuli sikirini yathunthu ya mainchesi 6.2, ya galasi lolimba, yopapatiza pang'ono koma yochita zonse zomwe foni imachita. Utha kukhala tsiku lonse osaitsegula. Zinandidabwitsa kuti foni yomwe imaoneka yosalimba kwambiri ndi imene ungaisunge yotseka pamalo ovuta.

Mfundo yomweyi ili ndi mwana wake. Ndinaimbira mnyamata wina wokonza mafoni pa Kasungu boma, yemwe anandisinthirapo sikirini ya itel ine nditaima pompo. Nditamufunsa za sikirini yamkati ya foni yopinda, anaseka kaye, kenako anati zimenezo sasunga, n'zoitanitsa, ndipo mtengo wake ndikaumva ndidzangogula foni ina. Kusukulu ndinaonapo mnzathu wina foni yake yopinda itachita mzere wakuda pakati, mzerewo n'kumakula sabata ndi sabata ngati chikanga. Yake inali yakabokosi, ndipo mkati mutafa, foni yonse inathera pomwepo. Yabuku mkati mukafa umatsala ndi foni yonenepa yogwira ntchito ndi sikirini yakunja. Kwa munthu amene sangakwanitse kukonzetsa, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu kuposa kamera kapena mtundu wa penti.

Pali za batire, zomwe sindichedwapo: 4,400 mAh pa Fold4, 3,700 mAh pa Flip4, ndipo zonse zatumikira kale zaka zingapo. Kwathu timatchaja pa sola yaing'ono yomwe imalimbirana ndi wailesi ya abambo. Palibe mwa ziwirizi yomwe ingafanane ndi itel wanga pa kupirira njala.

Ndisanamizire kuti yakabokosi ilibe mbali yake. Mnzanga wina wamkazi wa m'kalasi mwathu nditamufunsa anandiyankha ndi voice note ya mphindi zinayi. Anati inu anyamata mumaiwala kuti madiresi ambiri alibe matumba, ndipo foni yomwe ungaifumbate m'dzanja kapena kuimangirira pa nsonga ya chitenje ndi yamtengo wapatali podutsa mudepoti ya Lilongwe. Anati Fold4 imalemera magalamu 263, kuposa kota ya paketi ya shuga, pamene Flip4 ndi 187. Anati ukaipinda theka imaima yokha patebulo, utha kudzijambula vidiyo ya bizinesi yako popanda kupempha munthu. Ndipo ananena chinthu china chomwe chinandikhudza: kasikirini kakang'ono kaja kamakuteteza kwa iwe mwini, chifukwa ukaona kuti uthenga si wofunika suitsegula, ndiye sugwera m'dzenje la TikTok. Pa zonsezi sindinamutsutse. Akanakhala iye wosankha, akanatenga Flip ndipo akanakhoza.

Koma ine vuto langa ndi lina, ndipo ambiri mukulidziwa. Ndilibe laputopu. Chaka chamawa ndi cha pulojekiti. Zaka zitatu zonsezi ndawerenga ma PDF a masamba mazanamazana pa kasikirini kongokwana chikhatho, kukulitsa ndi zala, kukokera kumanja, kukokera kumanzere, tebulo la manambala osalionapo lonse nthawi imodzi. Sikirini yamkati ya Fold4 ndi mainchesi 7.6, pafupifupi yofanana mbali zonse, ndipo tsamba la buku limakwanapo lonse. Utha kuika nkhani yomwe ukuwerenga mbali imodzi, manotsi mbali inayo. Flip ukaitsegula umapeza foni wamba yaitali, ya mainchesi 6.7. Kupinda kwake kumakupatsa malo m'thumba. Kupinda kwa inayo kumakupatsa malo owerengera, ndipo ine m'thumba mwanga malo ndi ambiri kale.

Apa wina anena kuti, bwanji osangopempha laputopu? Ndinapempha. Lachinayi usiku ndinawaimbira.

"Achimwene, bwanji ndalama imeneyo mungondigulira laputopu yakale? Ingandithandize kwambiri."

Anakhala chete mpaka ndinayang'ana ngati foni yaduka. Kenako anati ndalama yogulira chinthu kamodzi alibe, lendi ndi zotumiza kumudzi zimatha nazo zonse. Foniyi ikutheka chifukwa abwana azidula pang'onopang'ono, ndipo abwanawo sakugulitsa laputopu. Anapumira, n'kuwonjeza motsitsa mawu: "Komanso iwe, ndikufuna ukafike nayo kusukuluko. Anzako aone kuti uli ndi mkulu wako."

Ndinalibe choyankha. M'kalasi timaphunzira kuti munthu wanzeru amagula chinthu poona ntchito yake, ndipo ndalembapo pano kunyoza anzathu omwe amathera upkeep yonse pa nsapato. Koma munthu amene wakhala zaka akusesa pabwalo la eni, kugona m'kachipinda ka anthu anayi, ndi kubisala akamva kuti kwayambanso zothamangitsa alendo, akafuna kuti thukuta lake lionekere m'manja mwa mng'ono wake, sindine woyenera kumuphunzitsa za opportunity cost. Chomwe ndikanachita n'kusankha yomwe ikhalitse ndi kugwira ntchito, kuti miyezi yodulidwa ija isapite pachabe.

Mantha ndili nawo ndithu. Foni yotere imalankhula zinthu zomwe si zoona. Ukaitsegula pamaliro, achibale amayamba kuwerengera zomwe ungathandize. Ukaitsegula m'minibasi, wina amayamba kuwerengera pomwe utsikire. Komiti yoona za ovutika kusukulu ikakuona nayo, kalata yako yopempha thandizo imasanduka nthabwala. Apanso yabuku ili ndi kamwayi: ikakhala yotseka, m'chikhava chakuda, imangooneka ngati foni yonenepa yachikale, pomwe yakabokosi aliyense amaizindikira ali patali.

Lachisanu m'mawa ndinalemba kuti, "Yabuku ija, achimwene. Zikomo kwambiri." Anayankha ndi chala chokweza m'mwamba basi.

Inafika patatha masabata atatu kudzera kwa wa thiransipoti wina wa ku Joni, itakulungidwa m'thawulo pakati pa mafuta ophikira ndi bulangete la amayi. Pakati pa sikirini yamkati pali kamzere kolowa komwe chala chimakamva, ndipo pakona imodzi penti inasupuka. Ndinadziikira malamulo: m'chigafa simulowa, kumeneko ndi kwa itel, panjira imakhala yotseka m'kajumbo ka shuga, kuitsegula ndi m'nyumba, nditasamba m'manja.

Madzulo a tsiku lomwelo tinawaimbira achimwene pa vidiyo. Ndinaitsegula n'kuipereka kwa abambo, omwe anaigwira ndi manja awiri ngati buku la nyimbo. Nkhope ya mwana wawo inadzaza sikirini yonse, ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako anati wawonda, akudya koma? Amayi anasuzumira paphewa n'kuyamba kufunsa za mpongozi. Netiweki inadula kawiri. Titamaliza, abambo anandibwezera foniyo, n'kuloza chitseko chomwe mphepo inali itakankha.

"Tseka msanga," anatero. "Fumbi."