Pulaimasi ya Bambo ndi Roketi ya Goddard

Ndinakulira ku Ulongwe. Bambo anga anali kukonza mapulaimasi, ndipo nchito yanga inali kupopa. Ukapopa, mpweya umadzaza m'thanki, nukankha palafini kukwera kumoto.

Tsiku lina ndinamata ndekha thanki yodontha. Ndinacita mofulumira, osaiyesa. Nditapopa ndi kuyatsa, palafini anatuluka pambali. Moto unabuka, nunditentha dzanja. Bambo anati: "Mwanawe, yamba ndi thanki, moto pambuyo." Cipsera ndili naco mpaka lero.

Nditakula ndinamva za mphunzitsi wa ku America, dzina lake Robert Goddard. Iye anapanga roketi, combo cimene cimakwera kumwamba pokankhidwa ndi moto. Maroketi akale anali kuuluka ndi onga. Yake inali yoyamba kuuluka ndi mafuta amadzi.

Roketiyo inali ndi mathanki awiri. Ina inali ya petulo. Ina inali ya okosijeni, mpweya umene umayakitsa moto. Mpweyawo anauziziritsa mpaka unasanduka madzi. Pulaimasi imatenga mpweya pomwe yakhala. Koma kumwamba kwenikweni kulibe mpweya, conco roketi iyenera kusenza wake.

Ndinadabwa kumva kuti mafutawo anali kukwera m'timipope pokankhidwa ndi mpweya, monga m'pulaimasi ya bambo. Injini inali pamwamba, mathanki pansi. Lawi linali kuloza kumathanki, conco Goddard anaika cophimba pakati. Pambuyo pake anasamutsira injini pansi.

Pa 16 Marici 1926, pa munda wina ku Auburn, m'dera la Massachusetts, mthandizi wake anayatsa roketiyo ndi moto womangirira pa ndodo yaitali. Inakwera mamita 12. Inauluka masekondi awiri ndi theka, nigwa pa mtunda wa mamita 56, m'munda wa kabici ngati minda yathu ya ku Angónia.

Patapita zaka 43, mu 1969, roketi ya Saturn V inatumiza anthu ku mwezi. Ponyamuka inatentha mafuta a mtundu wa palafini pamodzi ndi okosijeni wamadzi.

Anzanga, anthu amayamikira lawi, cifukwa ndilo limaoneka. Ine ndikayang'ana dzanja langa ndimaganiza za amene anamata mathanki aja, nawayesa asanayatse moto.