Mzinda wa Roma ndi Ana: Zoona Zosalira Ndarama

Anthu ambiri akamva za Roma amayesa kuti ndi mzinda wa olemera okha, ndi kuti mmphawi akafikako ndi ana ace angoima kunja kwa zipata. Si tero ai. N'zoona kuti ulendo wa ku Italy ulira ndarama zambiri, ndipo malo ogona ali okwera mtengo. Koma munthu akafika apeza kuti zambiri zimene anthu amazidzera kucokera kutali ziri poyera, m'miseu, m'mabwalo ndi m'machalichi, popanda mlonda wofunsa tikiti. Banja losadziwa ici ligula tikiti pa khomo liri lonse, ndarama za sabata zitha masiku awiri, ndipo libwerera kwao ndi ngongole. Cifukwa cace tikulemberani zimene tidaona poyenda mumzindamo ndi ana athu, thumba liri lopepuka.

Tiyambe ndi madzi, pakuti pa ulendo mwana ayamba kulira ludzu asanalire njala. M'Roma muli mipopi yacitsulo yoposa 2,000 imene ithira madzi usana ndi usiku, ndipo madziwo ali ozizira ndi abwino kumwa. Eni mzinda amaicha nasoni, ndiko kunena kuti mphuno zazikuru, cifukwa kukamwa kwace kudapindika ngati mphuno. Yoyamba idaikidwa m'zaka za m'ma 1870. Pamwamba pa mphunoyo pali kabowo. Munthu akatseka kukamwa ndi cala, madzi atumphira m'mwamba pa kabowoko, ndipo amwa wopanda cikho. Ana athu sadafune kupitirira mpopi ngakhale umodzi osayesa. Amene anyamula botolo limodzi ndi kulidzaza pa mipopiyi sadzagula madzi ulendo wonse.

Bwalo la Petro Woyera ndilo loyamba kulifuna Mkristu ali yense, ndipo kulowamo n'kwaulere. Mmisiri Bernini adalizinga ndi nsanamira 284 pakati pa 1656 ndi 1667, ndipo pamwamba pace pali zifanizo 140 za oyera. Pakati paima mwala wautali wosongoka wocokera ku Ejipito, umene adauimika pamenepo mu 1586. Tsono pakati pa mwalawo ndi kasupe ali yense wa awiri a m'bwalomo pali kamwala kobulungira pansi. Imikani mwana pa kamwalako, ayang'ane nsanamira: mizere inai yonse ibisalana, nioneka ngati mzere umodzi, akasuntha mapazi awiri, ibwereranso inai. Ana athu adacita kacitatu asanakhulupirire maso ao.

Chalichi ca Petro Woyera nacoso salipiritsa. Adayamba kucimanga mu 1506, nacidalitsa mu 1626, pamwamba pa manda a Mtumwiyo. Mzere wa anthu pa khomo uli wautali cifukwa asilikari aunika katundu wa munthu ali yense. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wolawira m'mamawa sacedwa. Zobvala zikhale zophimba mapewa ndi maondo, pakuti obvala zazifupi amabwezedwa. M'katimo, ku dzanja lamanja, muli cifanizo ca Amai Maria atafungata mtembo wa Mwana wao, cimene Michelangelo adasema ali mnyamata wa zaka zosafika 25. Patsogolo pali cifanizo camkuwa ca Petro Woyera, ndipo phazi lace lidasalala, zala zosaonekanso bwino, cifukwa ca manja ndi milomo ya amwendamnjira a zaka mazana. Kukwera ku denga kulira ndarama, ndipo makwerero ace ali 551; ana ang'ono musawakakamize.

Kuona Apapa sikulira kanthu. Lamulungu dzuwa liri pamutu, akakhala ali mumzinda, aonekera pa zenera, napemphera Angelus pamodzi ndi anthu, nawadalitsa. Lacitatu m'mawa alandira alendo, ndipo matikiti a tsikulo amaperekedwa kwaulere kwa wopempha. Munthu akakuimitsani pa mseu kuti akugulitseni tikiti yoonera Apapa, mupitirire.

Malo olipiritsa nawonso ali ndi masiku ace a cifundo. Nyumba zosungiramo zakale za boma la Italy zitsegulidwa kwaulere Lamulungu loyamba la mwezi uli wonse, ndipo ana osafika zaka 18 salipira tsiku liri lonse, ngakhale ayenera kutengeredwa tikiti yaulereyo. Lamulo limeneli ligwira pa Colosseo, bwalo lija lalikuru limene lidatsegulidwa caka ca 80, lolowa anthu ngati 50,000, kumene anthu ankamenyana ndi zirombo, ndipo kumene tsopano amacita Njira ya Mtanda pa Lacisanu Loyera. Koma Vatican ndi dziko lapalokha ciyambire 1929, ndipo malamulo ace ndi ena: nyumba zace zosungiramo zakale zitsegulidwa kwaulere m'mawa wa Lamulungu lomariza la mwezi. Masiku amenewa anthu acuruka ngati nyerere. Banja la ana oyamwa liganize bwino. Kawirikawiri kuzungulira Colosseo kunja, dzuwa litapepa, kukwanira.

Pantheon ndi nyumba imene ana saiiwala. Idamangidwa m'masiku a mfumu Hadrian ngati kacisi wa milungu ya Aroma, nisandulizidwa chalichi mu 609. Denga lace liri ngati nkhali yaikuru yobvundikira, ndipo pamwamba peni peni pali ciboo ca mapazi pafupifupi 30, cosatseka ndi kanthu. Dzuwa lilowa pamenepo niliyenda pa khoma ngati nyali. Mbvula nayo ilowa, nitsikira m'timabowo ta pansi. Pa Pentekoste aponyera maluwa ofiira pa ciboopo, kukumbutsa malilime a moto. Ciyambire 2023 akuru alipira pa khomo, koma ana salipira, ndiponso wodzamva Misa safunsidwa kanthu.

Kuseri kwa Pantheon kuli kanjobvu kamwala kosenza mwala wosongoka pa msana, kamene kadaimikidwa mu 1667. Ana athu, amene aidziwa njobvu, adaseka poona citamba cace cacitali copitirira muyeso. Pafupi pomwepo pali chalichi ca Sant'Ignazio, ndipo mbiri yace iyenera kukondweretsa onse a thumba lopepuka. Omanga adasowa ndarama zomangira denga lobulungira. Tsono mbale wina wa cipani ca Ayezuiti, Andrea Pozzo, adalijambula pa nsaru yoyalika mu 1685. Munthu akaima pa kamwala kodziwitsa pansi, alumbira kuti denga lakwera m'mwamba ndithu. Akayenda pang'ono, lipendekeka, cinsinsi niciululika. Tidalola ana kuti atulukire okha, ndipo wamng'ono ndiye adayamba kufuula.

Ku Largo di Torre Argentina kuli mabwinja a akacisi akale pansi pa mseu, kumene Julius Caesar adaphedwa caka ca 44 Kristu asanabadwe. Lero eni malowo ndi amphaka, amene anthu acifundo amawadyetsa ndi kuwapatsa mankhwala. Kusuzumira uli pamwamba n'kwaulere, ndipo ana apikisana kuwawerenga. Pa phiri la Aventino pali citseko cotseka nthawi zonse. Woika diso pa kabowo ka kiyi aona denga la Petro Woyera liri kutali pakati pa mitengo, ngati cithunzi. Capafupi pali munda wa malalanje wopumiramo.

Koma cimene cidaposa zonse kwa anyamata ndico mzinga wa pa phiri la Gianicolo. Tsiku ndi tsiku asilikari auomba pa 12 koloko masana. Mwambo umenewu adauyambitsa Papa Pio IX mu 1847 kuti mabelu a machalichi onse azilira nthawi imodzi, pakuti kale ali yense ankaliza pa nthawi yace. Ndipo ciyambire 1904 mzingawo ulira pa phirili. Fikani nthawi isanakwane, ana atseke makutu. Utsi ukabalalika mumva mabelu akuyankha kucokera mbali zonse, mzinda wonse uli pansi pa mapazi anu.

Pa za cakudya, safunsa adadya phula. Malo odyera oyandikana ndi nyumba zochuka ali okwera mtengo, ndipo wokhala pa mpando alipira koposa woimirira. Lowani m'timiseu ta kumbali, mupeze ogulitsa pizza yodula ndi kuyeza pa sikelo. Muloza ndi dzanja kukula kumene mufuna, nimulipira monga mwa kulemera kwace. Buledi, tomato ndi zipatso za pa msika zikhutitsa banja ndi ndarama zocepa. Kadyereni m'munda waukuru wa Villa Borghese, m'mene muli mithunzi ndi malo othamangamo ana. Musadyere pa akasupe ochuka, kapena kukhala pa makwerero a Piazza di Spagna, pakuti ciyambire 2019 wocita ici alipitsidwa.

Pa basi ndi pa sitima ya pansi pa nthaka, ana osafika zaka 10 akwera ulere akakhala ndi wamkuru wolipira. Tikiti imodzi igwira nchito mphindi 100, koma muidinde polowa. M'basi yodzaza sungani cikwama kutsogolo, pakuti opisa m'matumba sasowa pamene pali alendo. Miseu yambiri idayalidwa ndi timiyala takuda totopetsa mapazi, tsono nsapato zikhale zozolowera. M'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti kutentha kuli koopsa: yendani m'mawa ndi madzulo, masana mupume. Ndiponso mulembe dzina la malo ogona pa kapepala, nimuike m'thumba mwa mwana ali yense, kuti akasocera m'khamu apezeke msanga.

Pa kasupe wa Trevi, womarizidwa mu 1762, alendo aponya makobidi m'madzi. Ana akapempha kuponya, musawakanize kakobidi kamodzi. Muwauze kuti ndaramazo zimatoledwa ndi kuperekedwa ku Caritas, imene idyetsa osauka a mumzindamo, pakuti ngakhale ku Roma amphawi aliko.

Tsono inu makolo amene mudzakhala ndi mwai wa ulendo wotere, kaya ndi inu, kaya ndi abale anu okhala ku Ulaya, musapanikize masiku. Malo awiri kapena atatu pa tsiku akwanira mwana. Werengani ndarama musananyamuke, patulani za malo ogona ndi za ulendo wobwerera, zotsalazo muzigawe monga mwa masiku. Ife titafunsa ana kuti cidawakomera n'ciani, adachula mzinga, amphaka ndi mpopi wa mphuno. Ndipo pa zitatuzi sitidalipire kanthu.