Kamwala ka m'bokosi la machesi

Mwana wanga wamkazi ndiye anakatola. Tinkakonza mizere m'munda mwa anganga ake kuno ku Malosa, mvula yoyamba itangogwa. Kanali kamwala koyera, kotalika ngati chikhadabo, kopindika ngati mwezi wongokhala kumene.

"Adadi, taonani kampeni!"

Ndinaseka. Phiri la Malosa n'lodziwika ndi miyala yonyezimira imene anyamata amakumba n'kukagulitsa kwa alendo paphiri la Zomba, ndiye ndinati n'kachibenthu chabe. Ndinamuuza akataye asanadzicheke. Iye anakabisa m'bokosi la machesi.

Patapita masabata awiri kunabwera alamu anga, omwe amaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Mwana uja, osandifunsa n'komwe, anawaonetsa. Alamuwo anatuluka nako panja powala, n'kukhala chete nthawi yaitali ndithu.

"Alamu, apa mwana wakuposani," anatero.

Anandionetsa mbali ziwiri. Ina inali yowongoka, yakuthwa ngati lumo. Mbali yopindikayo inali yobuntha, ndipo poyang'anitsitsa ndinaona timabala ting'onoting'ono tondondozana, tonse tobenthulidwa kuchokera mbali imodzi. Mwala wosweka wokha sumatero, umangosweka chisawawa. Apa munthu anakhala pansi n'kubunthitsa msanawo dala, kuti aumatire ndi utomoni kunsonga kwa muvi.

Ine mutu wa muvi wamwala ndinkaudziwa wa m'mafilimu a ku America, waukulu ngati tsamba. Alamu anati kuno alenje a nthawi yomaliza yogwiritsa ntchito miyala ankamata timiyala totere tiwiri kapena titatu pamuvi umodzi, ngakhale ena ankatimatanso pakamtengo kukhala mpeni. Ku Zambia akatswiri amatchula zida za mtunduwu ndi dzina la phanga la Nachikufu. Kwathu kuno J. Desmond Clark anafukula zotere paphiri la Hora ku Mzimba mu 1950.

Anganga, omwe ankamvetsera ali pamphasa, sanadabwe. "Ndi Akafula amenewo. Amwandionerapati." Anatikumbutsa nthano ya anthu aafupi aja, amene ankakwiya ukawayankha kuti wawaonera pafupi. Ndi omwewo amene amanenedwa kuti anajambula zithunzi zofiira za ku Chongoni, ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika pamndandanda wake mu 2006.

Kunena zoona, manyazi anandigwira. Kuyambira ndili mnyamata ndakhala ndikutola miyala yoyera m'mundamo n'kumaiponya pamulu wa m'malire chifukwa imabunthitsa khasu. Ndi tingati ndinataya? Komanso ndikanapambana tsiku lija, mwana akanaphunzira kuti chimene maso ake aona n'chopanda pake bambo akaseka.

Alamu anatiuza tisagulitse, tilembe malo enieni pamene kanapezeka, ndipo tikadzapita ku Blantyre tikakaonetse kunyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri.

Loweruka lapitali tinakafukula mulu uja awiriwiri. Tinapeza tina titatu. Ine ndikuti tonse ndi ta Akafula, koma mwana wakana tiwiri, akuti msana wake sunabenthulidwe.